Tizipangizo tokometsera mawu pa zida zapamwamba zomverera nyimbo: ndi titi timagwiradi ntchito?

Wokonda Mbale:
Moni nonse a pa gulu lino. Zida zanga zikuluzikulu ndinamaliza kusonkhanitsa ndipo sindikufuna kusintha chilichonse: ndili ndi galamafoni yokhala ndi katiriji (kachipangizo kogwira singano kumapeto kwa mkono wa galamafoni) ya mtundu wa MM (ya maginito oyenda), pleya ya ma CD, ampulifaya yomwe gawo lake loyamba ndi la mavalavu (timababu tagalasi tokuza mawu), ndi masipika awiri aatali oima pansi. Funso langa lili pa tizipangizo ting'onoting'ono timene amati timakometsa mawu, monga timiyendo tosongoka toika kunsi kwa masipika, timapilo ta mphira, zingwe zapadera, mafyuzi apadera, timphete tovala mavalavu ndi zomata pa makoma. Otsatsa malonda amalonjeza zazikulu pa chilichonse, choncho nkovuta kudziwa poyambira. Mavuto amene ndikumva ndi awiri. Ndikakweza mawu poliza mbale, besi imasokonekera ndipo mawu a woimba amakhala ngati aphimbidwa, koma nyimbo yomweyo pa CD imamveka yoyera. Lachiwiri limachitika pa mbale ndi pa CD pomwe: pali noti imodzi ya besi imene imafufuma kuposa zinzake. Chipinda ndi chotalika mamita 4.2 ndipo pansi pake ndi pa matabwa. Ndiyambire pati?

Mkonza Maampu:
Achimwene, mwachita bwino kunena kuti vuto loyamba limabwera pa mbale pokha, chifukwa zimenezo zikuloza pamene pali nthenda. Galamafoni ndi chida chopangidwa kuti chizimva kunjenjemera. Singano ikamayenda mu mzere wa mbale, katiriji ya MM imatulutsa magetsi ochepa kwambiri, pafupifupi 3 mpaka 5 mV, ndipo gawo la phono, lomwe limalandira magetsi ochokera ku galamafoni, limawakuza ndi 40 dB, komwe ndi kuchulukitsa ka 100. Pamwamba pa apo, dongosolo la RIAA lojambulira ndi kulizira mbale, lomwe linakhazikitsidwa mu 1954, limafuna kuti poliza mbale besi ya pa 20 Hz (kutanthauza mawu onjenjemera ka 20 pa sekondi) ikwezedwenso ndi pafupifupi 20 dB. Katiriji sidziwa kusiyanitsa kunjenjemera kochokera mu mzere wa mbale ndi kochokera pansi pa nyumba. Masipika anu akagwedeza matabwa, matabwawo amagwedeza shelefu, shelefu imagwedeza galamafoni, ndipo besi yomwe yatuluka kale imalowanso mu ampulifaya mochedwa pang'ono. Uku ndiye kusokonekera kumene mukumva.

Musanagule kanthu, yesani izi. Zimitsani mota, ikani singano pa mbale yosazungulira, kenako kwezani voliyumu pang'onopang'ono kufika pamene mumamverera nthawi zonse. Gogodani shelefu ndi chala mopepuka, ndipo wina ayende m'chipindamo. Mukamva "du, du" wamphamvu m'masipika, kapena mukamva mawu otsika akuyamba kudzikulira okha, tsitsani voliyumu msanga, ndipo dziwani kuti njira ya kunjenjemera mwaipeza.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Timiyendo tosongoka sitilekanitsa sipika ndi pansi. Ntchito yake ndi kuboola kapeti kuti sipika iime nji, isagwedezeke, ndipo potero timalumikiza sipikayo ndi pansi mwamphamvu. Pa simenti zimenezi ndi zabwino. Pa matabwa timathandiza kuti mphamvu ilowe m'matabwamo. Cholekanitsa chenicheni chiyenera kukhala chofewa, monga masipuling'i kapena mphira wa mtundu wa Sorbothane. Nzeruyi ndi yakale: galamafoni ya AR ya mu 1961 ndi Linn Sondek LP12 ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 zinapachika mbale yozungulira pamodzi ndi mkono pa masipuling'i atatu pa chifukwa chomwechi. Ngati khoma lanu ndi la njerwa, shelefu yokhomera kukhoma imaposa timapilo tambiri, chifukwa imachotseratu galamafoni pa matabwa.

Gogo Valavu:
Ndikugwirizana ndi a Mkonza Maampu pa nkhani ya galamafoni, ndipo ndiwonjezere za mavalavu popeza mwana wathuyu ali nawo. Mavalavu aang'ono a gawo loyamba, monga ECC83 yomwe ena amaidziwa kuti 12AX7, ali ndi tizitsulo topyapyala m'kati timene timanjenjemera. Tengani pensulo, gogodani galasi la valavu mopepuka ndi mbali ya labala ampulifaya ili yoyaka, osakhudza china chilichonse m'katimo. Valavu yabwino imangomveka "tu" pang'ono, koma yodwala imalira "ting'" motalika m'masipika. Timphete ta silikoni timachepetsa kulirako, ndipo tikhale ta silikoni ndithu chifukwa mphira wamba amauma ndi kutentha. Valavu yolira kwambiri njofunika kungoisintha.

Koma ndisabise maganizo anga pa zingwe, ngakhale ndikudziwa kuti ena pano satsatira. Ndamvera nyimbo pa zida zotere kwa zaka zambiri, ndipo nditasintha zingwe za masipika kuchoka pa zamkuwa wamba kupita pa zokutidwa ndi siliva, mawu a zinganga ndi a vayolini anatseguka. Fyuzi yapadera nayo inandipatsa bata kuseri kwa nyimbo. Zida zimenezi timagulira makutu, choncho khutu ndilo liyenera kuweruza.

Woyesa ndi Mita:
Agogo, za mavalavu mwanena zoona zokhazokha, ndipo aliyense angathe kuzitsimikizira ndi pensulo monga mwafotokozera. Pa zingwe ndiloleni ndiike manambala, osati pofuna kutsutsa zimene munamva, koma kuti tione kumene kusinthako kungachokere. Waya wamkuwa wokhuthala 2.5 mm² uli ndi resistance (kukaniza magetsi kudutsa) ya pafupifupi 0.007 ohm pa mita imodzi. Sipika ikakhala pa mtunda wa mamita 3, magetsi amayenda mamita 6 popita ndi pobwera, ndipo zonse pamodzi ndi 0.04 ohm, pamene sipikayo ndi ya 4 kapena 8 ohm. Siliva amapititsa magetsi bwino kuposa mkuwa ndi pafupifupi 6 peresenti yokha, choncho kusiyana kwake pa 0.04 ohm ndi kochepa kosati nkusintha mawu. Koma waya wowonda wa 0.75 mm² wotalika mamita 10 umafika pafupifupi 0.46 ohm popita ndi pobwera, ndipo popeza impedance ya sipika (mmene imakanizira magetsi a mawu) imakwera ndi kutsika malinga ndi noti, waya wotere umasinthadi kamvekedwe. Ngati zingwe zanu zakale zinali zowonda, kapena nsonga zake zinali zitachita dzimbiri, ndiye kuti munamvadi kusintha, koma kunachokera ku kukhuthala ndi ku nsonga zoyera.

Pali chingwe chimodzi chimene ine ndimachiyang'anitsitsa kwambiri, ndipo a Wokonda Mbale ali nacho: chochokera ku galamafoni kupita ku phono. Katiriji ya MM ili ndi koyilo (waya wokulungidwa) ya inductance yaikulu (kutanthauza kuti imakaniza magetsi osinthasintha mofulumira), ndipo koyiloyo imagwirizana ndi capacitance ya chingwe (mmene chimasungira timagetsi) nkupanga chitunda m'mawu apamwamba. Opanga makatiriji amalemba mulingo woyenera wa capacitance, womwe umayezedwa mu pF. Mwachitsanzo Audio-Technica imalangiza 100 mpaka 200 pF pa 47 kilo-ohm pa makatiriji ake ambiri a MM. Chingwe wamba chimatha kukhala ndi pafupifupi 100 pF pa mita iliyonse, kuwonjezerapo ya mawaya a m'kati mwa mkono ndi ya phono yeniyeniyo. Mukapitirira mulingo, mawu amathwa mopweteka pena pake kenako apamwamba kwambiri amagwa msanga. Chingwe chachifupi cha capacitance yotsika ndi kachipangizo kamene kamagwiradi ntchito, ndipo chifukwa chake nchodziwika.

Mayi wa Piyano:
Pepani kuti ndikulowererani, koma vuto lachiwiri la achimwenewa silinayankhidwe, ndipo ine ndikuona kuti ndilo lalikulu. Noti imodzi ikamafufuma pa mbale ndi pa CD pomwe, wolakwa ndi chipinda. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndipo pakati pa makoma awiri oyang'anana pamakhala noti imene imagunda uku ndi uku nkumadziwonjezera mphamvu. Kuti muipeze, gawani 343 ndi utali wa chipinda wowirikiza kawiri. Pa mamita 4.2 yankho ndi pafupifupi 41 Hz, ndipo imeneyi ndi E yotsikitsitsa ya gitala ya besi ya nsambo zinayi. Yotsatira yake ili pa 82 Hz, yomwe ndi E yotsika ya gitala wamba. Nyimbo zambiri za magitala zimakhazikika pa E, choncho sindikudabwa kuti mukuimva kawirikawiri.

Ikani nyimbo imene imakuvutitsaniyo, imirirani, ndipo yendani pang'onopang'ono kuchokera kukhoma la kumbuyo kupita pakati pa chipinda. Pafupi ndi khoma notiyo idzakhala yolemera mpaka kumveka m'chifuwa, m'makona idzaposa apo, ndipo pakatikati penipeni idzatsala pang'ono kuzimirira. Palibe chingwe kapena fyuzi imene ingasinthe mawu ndi mulingo waukulu ngati umene mudzamve pa masitepe ochepa amenewo. Mpando ukakhala wogunda khoma la kumbuyo, kuusuntha ndi theka la mita ndi chinthu choyamba kuchita.

Ndichenjezenso za timasiponji topyapyala tomata pa makoma. Chomeza mawu chimagwira bwino ntchito chikakhala chokhuthala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wa funde la mawuwo. Funde la 1000 Hz ndi lotalika masentimita 34, choncho masentimita 8 kapena 9 akwanira, koma la 100 Hz ndi mamita 3.4, ndipo la 41 Hz limapitirira mamita 8. Siponji ya masentimita awiri imameza mawu apamwamba okha nkusiya besi ili chifufumire, mapeto ake chipinda chimamveka chakufa pamwamba ndi cholemera pansi. Pa besi pamafunika zomeza zokhuthala kwambiri zoikidwa m'makona, kapena kudula notiyo ndi ikwalaiza, chida chotsitsa kapena kukweza manoti amene mwasankha.

Wokonda Mbale:
Zikomo kwambiri nonse. Ndayesa zimene a Mkonza Maampu ananena, ndipo mwana wanga atangodutsa pafupi ndi shelefu, makoni a masipika (mbali zozungulira zimene zimatulutsa mawu) anasuntha mooneka ndi maso. Ndayendanso m'chipinda monga amayi alangizira, ndipo notiyo yachepa kwambiri nditachoka kukhoma. Amayi, kodi pa makoma a m'mbali pamafunikanso kanthu? Ndipo funso lina kwa onse: ndikayandikira khutu ku sipika ndimamva kung'ung'udza kotsika ngakhale palibe nyimbo, makamaka kanema akalumikizidwa ku ampulifaya. Kodi apa ndi pofunika chosefa magetsi?

Mayi wa Piyano:
Pa makoma a m'mbali gwiritsani ntchito kalilole. Khalani pa mpando wanu, wina aziyendetsa kalilole m'khoma pa msinkhu wa makutu anu, ndipo pamene mwaona sipika m'kalilolemo ndi pamene mawu amagunda koyamba asanafike kwa inu. Pamenepo yesani kupachika bulangete lopinda kangapo musanagule chomeza chenicheni. Ena amakonda mbali zomezedwa chifukwa woimba amaima pakati mooneka bwino, ena amakonda mbali zosiyidwa chifukwa nyimbo imatambasuka. Apa ndikugwirizana ndi agogo kuti khutu lanu lisankhe, popeza zonse ziwiri ndi kusintha kwenikweni.

Mkonza Maampu:
Kung'ung'udza kumene kumabwera kanema akalumikizidwa si dothi la m'magetsi, ndipo chosefa sichingakuchotse. Chimachitika ndi chakuti zida ziwiri zafika ku ethi (waya wachitetezo wopita m'nthaka) kudzera njira ziwiri zosiyana, nthawi zambiri ina kudzera pa pulagi ndi ina kudzera pa chingwe cha mlongoti kapena cha dishi, ndipo timagetsi tochepa timayenda mozungulira kudutsa m'chikopa cha chingwe cha mawu. Mumamva 50 Hz kapena 60 Hz malinga ndi magetsi a dziko limene muli, pamodzi ndi manoti owirikiza ake. Zulani zingwe chimodzichimodzi mpaka phokoso litasiya, ndipo mudzadziwa cholakwa. Mankhwala ake ndi kulumikiza zida zonse pa soketi imodzi, kuika kachipangizo kolekanitsa ethi pa chingwe cha mlongoti, kapena kutenga mawu a kanema kudzera pa chingwe cha kuwala cha Toslink, chomwe chilibe chitsulo. Onaninso kuti kawaya ka ethi ka galamafoni kamangidwa zolimba pa phono.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse ndi ichi: musadule kapena kuchotsa mwendo wa ethi pa pulagi, ngakhale wina atakuuzani kuti phokoso limatha. Limathadi, koma tsiku limene waya wamoto udzakhudze bokosi lachitsulo, magetsiwo adzadutsa mwa munthu amene wagwira bokosilo. Chimodzimodzinso mafyuzi. Agogo, sindikukanizani fyuzi yanu, koma aliyense wosintha aonetsetse kuti ma ampeya ake ndi omwewo, ndiponso kuti chilembo chake ndi chomwecho, T ya yochedwa kupsa kapena F ya yofulumira. Ndakonzapo maampulifaya amene thiransifoma yake inapsa chifukwa mwini wake anaika fyuzi yaikulu.

Pali phokoso lina losiyana, lochokera m'bokosi la ampulifaya osati m'masipika. Mathiransifoma ozungulira ngati mphete amalira chotere magetsi a m'nyumba akakhala ndi DC (magetsi oyenda mbali imodzi yokha) pang'ono, ndipo kachipangizo kotchinga DC kamathetsa zimenezo. Zosefa magetsi zili ndi malo ake pamene pali phokoso lomveka, monga kuthetheka firiji ikamayaka, koma zina zimapanikiza ampulifaya yamphamvu ikafuna magetsi ambiri mwadzidzidzi. Ndipo kamodzi pa kanthawi zulani mapulagi a RCA a zingwe za mawu, muwapukute ndi kathonje konyowetsa ndi isopropyl kapena DeoxIT zida zili zozimitsa. Mukaona kathonjeko katada, mwachotsa chinthu chimene chinali panjira ya mawu.

Gogo Valavu:
Za ethi ndi kukula kwa fyuzi palibe chotsutsa, ndipo achinyamata amve zimenezo. Koma a Woyesa ndi Mita, manambala anu akuyeza zimene mita inapangidwira kuyeza. Nyimbo imandikhudza ndikakhala nayo madzulo onse, ndili phee, osati pamene wina akusinthasintha zingwe nkumandifunsa kuti ichi ndi chiti. Mayeso obisa amatopetsa munthu, ndipo munthu wotopa samva zinthu zosalala. Kodi tinene kuti anthu onse amene amamva kusiyana kwa zingwe za magetsi akunama?

Woyesa ndi Mita:
Ayi agogo, sakunama, ndipo ine sindinganene zimenezo kwa inu. Munthu amamvadi zimene akunena, koma kumva kumachitikira mu ubongo, ndipo ubongo umasakaniza zolowa m'khutu ndi zimene maso aona komanso zimene mtima ukuyembekezera. Mu 1994 Floyd Toole ndi Sean Olive, akugwira ntchito ku Harman, anayesa masipika omwewo kwa omvera omwewo, ulendo wina atabisidwa kuseri kwa katani, ulendo wina akuwaona. Zigamulo zinasintha: masipika aakulu ndi okongola anapatsidwa mapointi ambiri pamene ankaoneka, ndipo izi zinachitika ngakhale kwa omvera ozolowera ntchitoyo. Palinso nkhani ya kukweza: mbali imodzi ikakhala yokwera ndi gawo lochepa la desibelo, munthu sanena kuti yakwera, amanena kuti ndi yoyera ndiponso yamoyo. Ndi chifukwa chake njira ya ABX (kumvera A ndi B, kenako kunena ngati X wobisika ndi A kapena B), yomwe David Clark anaifotokoza mu magazini ya Audio Engineering Society mu 1982, imafuna kuti mulingo wa mawu ufanane ndithu musanayerekeze.

Chitsanzo chimene chimandiphunzitsa ine ndi cholembera chobiriwira chimene anthu ankapaka m'mphepete mwa ma CD cha m'ma 1990, poganiza kuti chimameza kuwala kosochera kwa leza. Anthu ambiri oona mtima anamva kusintha. Koma CD imasunga manambala, ndipo ili ndi dongosolo la Reed-Solomon lokonza zolakwika powerenga, kotero manambala otuluka pa CD yopakidwa ndi yosapakidwa angathe kukoperedwa pa kompyuta nkuyerekezedwa limodzi ndi limodzi. Akafanana, palibe chimene inkiyo yasintha pa zimene zawerengedwa.

Dandaulo lanu la kutopa ndi lomveka, ndipo lili ndi yankho. Mayeso obisa safuna kuthamanga. Pemphani munthu wa m'nyumba kuti aponye ndalama yachitsulo tsiku lililonse, aike chingwe ichi kapena icho malinga ndi mmene yagwera, alembe mobisa, ndipo aphimbe kumbuyo kwa zida ndi nsalu. Inu mverani madzulo onse mmene mumachitira, kenako lembani chimene mukuganiza kuti chalumikizidwa. Pa masiku 16, kulondola ka 12 kapena kuposa apo kumachitika mwamwayi kosakwana kanayi pa 100, choncho mukafika pamenepo ine ndidzavomereza kuti pali chimene mukumva, ndipo tidzachifunafuna ndi mita mpaka tichipeze.

Gogo Valavu:
Njira ya masiku ambiriyo ndi yaulemu kuposa imene ndinkaidziwa, ndipo mdzukulu wanga angathe kundithandiza. Ndidzayesa ndi chingwe cha magetsi cha ampulifaya, popeza ndicho ndimachikhulupirira kwambiri, ndipo zotsatira zake ndidzazibweretsa pano mmene zidzakhalire. Pa zingwe za masipika ndikuvomera kuti zakale zinali zowonda.

Mnyamata wa DAC:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndingowonjezera chida chimodzi chimene sichinatchulidwe. Maikolofoni yoyezera ya USB, monga UMIK-1 ya miniDSP, pamodzi ndi pulogalamu yaulere ya REW, imakuonetsani pa kompyuta chitunda cha 41 Hz chimene amayi awerengera, ndipo mukasuntha mpando kapena sipika mumaona nthawi yomweyo ngati chatsika. Imaonetsanso dzenje limene limabwera chifukwa cha khoma la kuseri kwa sipika: sipika ikatalikira khomalo ndi masentimita 86, mawu obwerera amafafaniza a pafupi ndi 100 Hz. Ikwalaiza imadula chitunda bwinobwino, koma dzenje lotere silidzazika ndi kuwonjezera mphamvu, limafuna kusuntha sipika.

Wokonda Mbale:
Ndathokoza. Ndiyamba ndi mpando, malo a masipika ndi chingwe cha kanema. Khoma la kumene kuli galamafoni ndi la matabwa opyapyala, choncho shelefu yokhomera siitheka. A Mkonza Maampu, ndikafuna timiyendo ta masipuling'i kapena ta mphira, ndidziwa bwanji kuti ndasankha toyenera?

Mkonza Maampu:
Yang'anani mmene timiyendoto tikuphwatalalira galamafoni ikakhala pamwamba pake, chifukwa kuphwatalalako ndiko kumanena noti imene tizidzanjenjemera patokha. Sipuling'i yotsika ndi sentimita imodzi pansi pa katundu imanjenjemera pa 5 Hz, yotsika ndi mamilimita awiri ndi theka pa 10 Hz, ndipo yotsika ndi milimita imodzi pa 16 Hz. Kulekanitsa kumayamba pamwamba pa nambala imeneyo mukaichulukitsa ndi 1.4, ndipo pa nambala yeniyeniyo kunjenjemera kumakula m'malo mochepa. Mkono ndi katiriji zili ndi kunjenjemera kwakekwake pakati pa 8 ndi 12 Hz, choncho timiyendo totsika mamilimita awiri kapena atatu okha tingathe kukulitsa vuto lanu, singano nkumadumpha munthu akamayenda. Funani totsika pafupifupi sentimita imodzi kapena kuposerapo.

Yezani kulemera kwa galamafoni pa sikelo, gawani ndi chiwerengero cha timiyendo, ndipo gulani tolembedwa kulemera kumeneko. Ngati galamafoni ndi yopepuka, iikeni pa thabwa lolemera kapena pa mwala wosalala, timiyendo tikhale kunsi kwa thabwalo. Mbali ya mota imalemera kuposa inzake, choncho sunthani timiyendo mpaka levulo itaonetsa kuti mbale yagona mofanana mbali zonse, kenako yezaninso kulemera kwa singano ndi kasikelo kake. Ngati galamafoni yanu ili kale ndi masipuling'i m'kati, musaike ena ofewa kunsi kwake, chifukwa awiriwo amalimbana. Imeneyo imafuna tebulo lopepuka ndi lolimba. Mukamaliza, bwerezani kuyesa kwa singano pa mbale yosazungulira, voliyumu ili pamalo omwe aja, ndipo mutiuze ngati makoni akusunthabe munthu akadutsa.